Amene Anadya Mandasi a Mpingo

Amene akuti mandasi a paulendo wa mpingo ndinadya ndine, mpaka kufuna kundichotsa paukulu wa mpingo, aimirire andiyang'ane m'maso! A Chisale musaseke, inu tsiku lija munatsala m'boti mukusanza.

Chidebe chodzaza chija mayi a kunyumba anandisungitsa ine, ndipo ndinachoka nacho kuno ku Maryhill, mu Glasgow muno, mpaka pachilumba chija chamwala, chimene akuti kalekale chinkalavula moto. Anzathu ali kalikiliki kujambulana m'munsi, ine ndinakwera phiri ndekha, chidebe kumutu, kukafuna malo odyera. Phirilo linagona kuyambira nthawi ya Nowa, koma litamva fungo la mandasi a mkazi wanga linayetsemula, utsi tolotolo, nyanja n'kuwira, nsomba n'kumavuuka zopsaipsa, kenako kunatulukira mbalame zoyera, iliyonse ngati basi yopita ku Shawlands, zochuluka mpaka kuphimba kadzuwa kosowa kale kameneka. Mukumva?

Ine, mwana woleredwa bwino, ndinagwada n'kuomba m'manja. "Mwaswera bwanji akuluakulu?"

Kulakwa kwanga kunali komweko. Kwathu mlendo ukamulonjera sumusiya ndi njala, ndipo mbalamezo mwambo zimaudziwa. Zinandanda pamzere ngati pa mgonero, m'mbuyo mwake mukubwera zinyama zam'nyanja zopanda miyendo, zonenepa ngati matumba a chimanga, zikukwera phiri ndi mimba, yotsogolera ili ndi ndevu ngati za a Chisale. Nditaona chidebe chikutha ndinagwira mbalame yaikulu miyendo, iyo n'kuuluka nane, chidebe ndaluma ndi mano, kudutsa mitambo, mpaka ndinaona Glasgow yense pansi, ndi malaya anga amene ndinaiwala kwanula akunyowa pachingwe. Pali malemu bambo anga, ndikulumbira!

Tsono mayi a kunyumba, poti ndi nesi, titangofika anandibaya chala, kamakina kawo n'konena kuti shuga wakwera, iwo n'kuthamangira kukuuzani. Zinandiwawa kwambiri. Sanafunse n'komwe kuti wakwera bwanji. Mbalame ija, poona ulemu wanga, inanditenga ngati mwana wake, inanditera pachisa n'kumandiika mandasi m'kamwa ndi mlomo wake, ine misozi ili mbwembwembwe. Mwini mudzi akakupatsa chakudya umakana? Mukanakhala inu mukanatani?

Choncho udindo wanga musaukhudze, ndipo ulendo winawo chidebe mundipatsenso ine, poti mbalamezo zimandidziwa. Mandasi asanu aja amene a Chisale anandiona nawo tili m'basi musawawerengere. Kuja kunali kulawa.