Nkhosa Ziwiri za ku Kabwata

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma popeza theka la Kabwata likuidziwa kale, ndipo ena akuithira mchere wopitirira muyeso, kuli bwino muimve kwa ine mwini manyaziwo.

Ndiyambe ndi kuulula kuti chibadwire sindinamenyepo mpira wa gofu, ngakhale kamodzi. Koma mukalakwitsa n'kundifunsa za mabwalo akale a ku Scotland, aja a m'mphepete mwa nyanja amene amawatcha links, dziwani kuti basi yanu yakusiyani.

Matendawa anandigwira ndili kalaliki wa mafayilo ku Longacres. Tsiku lina ndikudutsa m'tauni ndinaona buku pakati pa mabuku a sukulu amene amayalidwa pansi m'mbali mwa msewu. Linalibe chikuto, masamba ena anali atadyedwa ndi chiswe, koma zithunzi zinalimo zonse. Udzu wofiirira, mitunda ya mchenga, mitambo yolemera, ndi tianthu tiwiri ta majuzi tikuyenda molimbana ndi mphepo. Mtengo panalibe ngakhale umodzi. Ndinaliyang'ana mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikufuna kuligula kapena kulikwatira.

M'bukumo ndinaphunzira kuti malo amenewo sanawakonze munthu. Unali mchenga wa pakati pa nyanja ndi minda, wosabereka kanthu, ndiye anangousiyira nkhosa. Mphepo ikakula, nkhosazo zinkabisala kuseri kwa mitunda n'kumafukula mpaka panakhala maenje. Maenje amenewo ndiwo ma bunker amene lero amaliza akatswiri pa TV.

Ndinadziwa za Carnoustie, kumene kamtsinje kamakhotakhota pa mabowo omaliza n'kumameza mipira ya anthu amene anali atayamba kale kumwetulira. Ndinadziwa za Troon, kumene kuli green, udzu wosalala uja wozungulira bowo, yaing'ono mwakuti anaitcha sitampa. Koma mtima wanga wonse unali ku St Andrews, mayi wa mabwalo onse. Kumeneko kuli kamlatho kamiyala kamene abusa akale ankawolotserapo ziweto, komanso dzenje lina lakuya limene eni ake sanachite manyazi kulitcha Gehena. Magetsi akazima masana ndinkatsegula bukulo pakhonde, ndipo ndinkayenda mabowo onse khumi ndi asanu ndi atatu osadzuka pampando.

Tsono ine ndili ndi mkazi, Amake Misozi. Pamene ndinkamufunsira ndinamulonjeza kuti tsiku lina ndidzamuonetsa nyanja yamchere. Zaka makumi atatu zinadutsa, ndipo kutali kumene ndinamufikitsa ndi ku Katete, kumaliro a amalume anga.

Masana ena mu Julaye ndinali maso pa TV, ndikuonerera akatswiri akuvutika ndi mvula ya ku Scotland. Iye anabwera ndi tiyi, n'kuima pang'ono kumbuyo kwanga.

"Atate ake Misozi, imwe muyenda ku Scotland daily, na passport mulibe. Ine thirty years nikali pa station."

Sananene mokwiya ayi. Ananena ngati akunena za nyengo, ndipo n'zimene zinandipweteka. Ndinazindikira kuti mkazi wanga anali atasiya kuyembekeza chilichonse kwa ine, ndipo ndinachita mantha kuti mwina sanalakwe.

Chaka chimenecho tsiku lokumbukira ukwati wathu linagwa Lamulungu, mu Ogasiti. Nditabwerera m'buku langa ndinapeza tsamba limene ndinkalikonda kuposa onse. Linkanena kuti ku St Andrews, pa bwalo lakalelo, Lamulungu sasewera gofu. Bwalo limapuma. Anthu wamba a m'tauniyo amalowa ndi ana awo ndi agalu awo, kuyenda pa udzu umene akatswiri amapondapo, ena kuyala nsalu n'kumadya.

Apa ndi pamene nzeru zanga zinandipereka. Ndinati, mabwalo onse a dziko lapansi ali ndi mabowo khumi ndi asanu ndi atatu chifukwa anatengera kwa mayi wawo St Andrews. Nanga mwana angatengere mabowo n'kusiya Sabata? Ndiye kuti ngakhale bwalo la kuno ku Lusaka, lija ndinkaliona pa windo la minibasi, Lamulungu limakhala la tonse. Anthu sapitako chifukwa chosawerenga basi. Sindinafunse munthu aliyense, poti ndikanafunsa ndani wodziwa kuposa ine?

Loweruka ndinapita ku Kamwala. Pa salaula, pogulitsa zakaunjika, ndinapeza juzi ya madayamondi, kapu yafulati, ndi chikwama chachitali cha ndodo za gofu chong'ambika lamba. Ndodo munalibe. Ndinalongamo ambulera, zitenje ziwiri ndi fulasiki, n'kutseka pamwamba. Amake Misozi ndinangomuuza kuti aphike nkhuku ndi mpunga, agule chikanda, ndipo asafunse mafunso.

Titatuluka Misa yoyamba tinakwera minibasi. Dzina la kalabu ya bwalolo sinditchula, chifukwa anthuwo sanalakwe kanthu. Pageti panali mlonda. Anayang'ana juzi, anayang'ana kapu, anayang'ana chikwama, n'kumenya saluti mpaka chipewa chake chinapendekeka.

"Morning, ba boss. Mwachedwako, banzanu bayamba kudala."

"Ise sitithamanga," ndinatero.

"Lelo muzawina, ba boss."

"Ninawina kudala, thirty years ago," ndinayankha ndikuyang'ana mkazi wanga.

Amake Misozi anayang'ana kumbali, koma ndinaona kuti wamwetulira. Mtima wanga unakula ngati buledi wa mu uvuni.

Pamalo oimika magalimoto panali podzaza. Ndinamufotokozera kuti amenewo ndi mabanja a ku Kabulonga ndi Woodlands, anthu owerenga, odziwa mwambo. Chapatali tinaona anthu akuyenda awiriawiri, ena atasenza zikwama zazitali.

"Nanga baja banyamula chani? Vikwama vao vili monga chanu."

"Ma picnic," ndinayankha.

"Bonse?"

"Ni style ya kuno."

Sindinafune kuti tikadzazane ndi anthu, ndiye ndinamutsogolera m'mbali mwa mitengo ya bulugamu mpaka kumapeto kwenikweni kwa bwalo. Kumeneko kunali zii, kopanda munthu. Mphepo ya Ogasiti inkawomba, udzu wa m'mbali unali wofiirira ndendende ngati wa m'buku, ndipo patsogolo pathu panali green, yosalala, ndi kambendera kofiira kakupepuka pakati.

Amake Misozi anavula nsapato zake za kutchalitchi n'kuponda ndi phazi limodzi, mosamala, ngati akuyesa madzi osamba.

"Uyu udzu ni wazoona?"

"Wazoona."

"Ati bantu bamenyelapo chabe bola? Sibagonapo?"

Anayenda kuzungulira kambenderako nsapato zili m'manja, duku likuvina kumutu. Ndinali ndisanamuonepo akuyenda popanda kumene akupita.

Koma mphepo ija inakula. Tikayala chitenje, chinkauluka. Tikaika mbale, inkagubuduka. Ndiye ndinaona pambali pa green pali bunker, yakuya kufika m'chifuwa, mchenga wake woyera ndi wopesedwa bwino m'mizeremizere.

"Amake Misozi, tichite vamene nkhosa zenze kuchita. Iyi migodi ndiye nchito yake."

Tinatsikamo. Ndipo kunena zoona nkhosa zija zinali ndi nzeru. M'katimo mphepo munalibe, dzuwa linali litafunditsa mchenga, ndipo pamwamba tinkangoona thambo ndi nsonga ya kambendera. Tinayala zitenje, tinatsegula mapoto, ndinathira tiyi. Titadya pang'ono ndinamuuza kuti atseke maso.

Ndinayamba kumuyendetsa ndi mawu ku St Andrews. Ndinati kumbuyo kwathu kuli nyumba zakale zamiyala yotuwa, ndipo mabelu a tchalitchi angosiya kulira. Ndinati kumanja kuli mitunda ya mchenga ndi zitsamba zaminga za maluwa achikasu. Ndinamugwira dzanja n'kumuwolotsa pa kamlatho ka abusa kaja, ndikumuchenjeza kuti miyala yake ndi yoterera chifukwa mapazi aipondaponda kwa zaka mazanamazana. Ndinamuonetsa mbalame zoyera zikuima m'mwamba osakupiza mapiko. Kenako ndinamuuza kuti akhale chete amvetsere.

Mphepo inkadutsa m'mabulugamu, kukwera ndi kutsika. Chapatali malole ankalira pa msewu waukulu.

"Iyo ndiye nyanja," ndinanong'ona.

Anatchera khutu, maso ali chitsekere.

"Nayimvela," anatero pang'onopang'ono. "Atate ake Misozi, nayimvela zoona."

Anatsamira paphewa panga. Ndine munthu wa mafayilo, sindidziwa kunena zinthu zotere, koma pa moyo wanga wonse sindinakondwepo ngati nthawi imeneyo. Ndinaganiza kuti tsopano ndamuchotsa pa siteshoni paja.

Ndiye kunamveka phwa! Mpunga unatiwaza kumaso. Titatsegula maso tinaona kampira koyera kali phee pakati pa poto, pafupi ndi ntchafu ya nkhuku.

"Yagwa kuchoka kuti?" anafunsa Amake Misozi.

"Mwina ni bana," ndinatero, koma mawu anga anatuluka opyapyala.

Pasanapite nthawi pamwamba pa dzenjelo panatulukira mutu. Anali mayi wina wamtali, wa kapu yoyera, ndodo ili m'manja. Kenako mutu wa womunyamulira chikwama. Kenako wa bambo wina wa wailesi yam'manja, woona za malamulo. Kenako mitu inangoti mbwee kuzungulira dzenje lonse, anthu oonerera ovala bwino, ndipo mafoni anayamba kukwera m'mwamba limodzilimodzi. Ife tinali pansi, ine fupa lili m'manja.

Munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinaimirira, ndinakonza kapu, n'kuuza mayiyo mu Chingerezi changa cha ku Longacres kuti asadandaule, malamulo amalola kutola mpira, kuchotsa poto, n'kuugwetsanso pamalo omwewo popanda chilango. Chomvetsa chisoni n'chakuti bambo wa wailesi uja anagwedeza mutu kuvomereza.

Gulu linapatuka, ndipo panafika mdala wina wa ovolosi yobiriwira, atanyamula reki. Anali wosamalira bwalolo. Anayang'ana mapazi athu amene anali paliponse mumchenga, maenje a pamene tinakhala, ndi tiyi amene ndinataya pakona.

"Ba mudala, muchita chani mu bunker yanga?"

"Tipumula. Lelo ni pa Sondo, course ipumula."

"Ipumula? Lelo ni final."

Apa ndinayamba kumuphunzitsa. Ndinamuuza za St Andrews, za mayi ndi ana ake, za mabanja ndi agalu awo. Ndinamuuza kuti ngakhale dzenje limene tinalimo linayamba ndi nkhosa zothawa mphepo, choncho ife sitinachite chachilendo, tangobwezera dzenje ku ntchito yake yoyamba. Anamvetsera mpaka kumapeto, chibwano chili pa mpini wa reki.

"So kwamene uko ma bunker zipanga ni nkhosa."

"Exactly."

"Kuno tilibe nkhosa, ba mudala. Kuno nili ine. Iyi nayikonza neka lelo kuseni."

Anandipatsira rekiyo.

Ndinapesa mchenga umenewo anthu onse akuyang'ana, thukuta likutsika mkati mwa juzi ya madayamondi. Mdalayo ankandiwongolera. "Osati so. Kokani kubwela kuli imwe. Mufaseko." Amake Misozi analonga mapoto mwakachetechete. Pokwera kutuluka anaima patsogolo pa mayi uja n'kupinda mawondo pang'ono.

"Pepani, mami. Kalipo ka piece kamene bola siinagunde, ngati mungadyeko."

Mayiyo anayesa kudzigwira, koma analephera. Anaseka mpaka anakhala pansi pa udzu, ndipo gulu lonse linamutsatira. Tinayenda ulendo wonse wobwerera kugeti kusekako kukutiperekeza. Mlonda uja sanamenyenso saluti, anali wotanganidwa kwambiri ndi kuyang'ana nsapato zake.

Tinakwera minibasi yobwerera. Chikwama chinali pakati pathu, ndipo kondakitala anafunsa ngati nachonso chikutsika pa Kabwata. Ine ndinkangoganiza kuti mphindi zokoma za m'dzenje zija ndaziwononga ndekha, ndipo mkazi wanga akadzakumbukira tsikuli adzakumbukira mafoni okha.

Titafika pakhomo Amake Misozi anakhala pa sitepe n'kuyamba kukhuthula mchenga m'nsapato. Sanautaye pansi. Anauthira m'kabotolo kopanda kanthu ka mafuta odzola, n'kutseka. Mpaka lero kali pa shelefu, pafupi ndi chithunzi chathu cha ukwati.

"Amake Misozi, nikhululukile. Nakuchititsa nsoni."

"Nsoni ni zanu. Ine nyanja ninayimvela, palibe azanipoka."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu okoma, mwinanso kulonjeza Carnoustie chaka chamawa, koma anakweza dzanja.

"Chimodzi chabe nifuna kuziba. Nkhosa zija zamene zenze kungena mu mugodi, zenze zinabelenga buku?"

"Awe."

"So zeve zenze na excuse."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikawerenga mwambo wokoma wa kwa eni ake, ndimayamba ndafunsa munthu wogwira reki.