Mphasa ya Bowa wa Amayi

Lolemba

Kwacha ndi mitambo, koma mvula ikungoopseza. Matekisi opita ku Germiston akuliza mahutala. Ndege ikudutsa pamwamba, malata akunjenjemera. Mbalame za kuno za milomo yaitali zikukuwa ngati wina waziponda. Kuseri, Azakhali akutsuka mabotolo a thobwa lomwe amagulitsa kurenki, pokwerera matekisi.

Botolo langa ndalibisa pakati pa mabotolo awo akale, pansi pa shelefu, pamdima ndi pozizira. M'kati muli mapira okutidwa ndi ulusi woyera ngati thonje. Imeneyi ndi mbewu ya bowa. Andipatsa ndi aphunzitsi a sayansi, yotsala pa phunziro. Mawu awo: "Isaone dzuwa, ndipo uibzale sabata ino isanathe. Ina ndilibe."

Bowa ameneyu samera m'dothi. Amafuna pogona. Dzina la pogonapo m'Chingerezi ndi lalitali, ine ndikungoti mphasa. Ikhoza kukhala ya:
utuchi
makatoni
zitsononkho
udzu wouma

Ntchito ya sabata ino ndi kusankha imodzi.

Zonsezi ndi chifukwa cha Amayi. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Boksburg, amagona konko, kuno amabwera Lamulungu lokha. Mvula ikangoyandikira amayamba kukamba za bowa wa kwathu ku Dedza. Chaka chino sapitanso kumudzi. Ndikufuna Lamulungu ndiwaonetse thumba lobzala kale, ndiwauze kuti pofika Khirisimasi adya bowa.

Sindiuza munthu. Akandiseka nditani?

Lachiwiri

Utuchi.

Poweruka kusukulu ndikudzera kwa kalipentala wa m'mphepete mwa mudzi wa zisakasa wa Makause. Sakufunsa n'komwe kuti ndi wachiyani, akungoloza mulu ndi chibwano. Thumba ndilibe, ndiye ndikuthira m'chikwama cha mabuku.

Kunyumba ndikufufuza pafoni. Akuti utuchi wa paini suyenera. Wa matabwa opaka penti suyeneranso. Wanga ndi wa paini wopaka penti yabuluu.

Bwenzi nditawerenga kaye ndisananyamule. Buku la masamu tsopano likununkha ngati bokosi la maliro.

Amayi amati bowa wa utale umamera pachulu. Kuno chulu chili kuti? Zilipo ndi zimapiri zachikasu za dothi la m'migodi. Ndaimirira kuyang'ana chimodzi kwa kanthawi. Ngakhale udzu umachita kukakamizidwa kumerapo.

Botolo lili bwino. Ulusi wawonjezeka.

Lachitatu

Makatoni.

A Phiri, a ku Chipata okhala chipinda choyandikana ndi chathu, amagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu ku Isando. Dzulo madzulo andibweretsera makatoni abwino, okhuthala. "Ufuna kumanga nyumba yako, mwaiche? Ukwatira liti?" Ndangoseka.

M'mawa ndikuchotsa selotepi yonse, ndikuwang'amba, ndikuwaviika m'bafa. Akafewa ndikuwaunjika pafupi ndi geti kuti madzi akhe. Ndikupita kusukulu mtima uli m'malo.

Ndaiwala kuti lero ndi tsiku lotaya zinyalala.

Pobwera, pageti pali chinyontho chokha. Anyamata otola zogulitsa m'zinyalala adutsa ndi tingolo tawo. A Phiri akuti makatoni amawagulitsa pa sikelo, ndiye onyowa amalemera bwino. "Wawathandiza. Mulungu akudalitsa."

Ndinawachotsera ngakhale selotepi!

Lachinayi

Zitsononkho.

Kurenki kuli mayi wa Chizulu wootcha chimanga. Ndikuzungulira pafupi ndi mbaula yake, ndikutola zitsononkho zomwe anthu ataya. Akundiyang'ana. Akundiitana. Akundipatsa chimanga chathunthu chotentha, osalipira. Akuganiza kuti ndi njala.

Manyazi. Koma ndadya.

Zitsononkho ndikuziyanika pakhonde, ndikulowa m'nyumba kuchita homuweki. Potuluka, Azakhali akukupiza mbaula, moto uli lawilawi.

"Lero wandiganizira," akutero. "Makala adula."

Azakhali ndi alongo awo a malemu bambo. Sataya kanthu. Chilichonse chomwe apeza pakhomo pano amachipezera ntchito: chitini, chingwe, chivindikiro chopanda mphika. Ndimadziwa zimenezi chibadwire. Nanga ndinaganiza kuti zitsononkho zouma azisiya?

Apa mpomwe ndikanawauza. Pakamwa ndinatsegula. Ndinangoti, "Chabwino, Azakhali."

Otsala:
udzu

Kusankha kwaphweka.

Lachisanu

Udzu.

Anthu a khonsolo atchetcha m'mbali mwa njanji sabata yatha, udzu waumiratu. Ndikudzaza thumba la ufa. Galu wina akunditsatira mpaka pageti.

Akuti udzu uyenera kuphikidwa m'madzi otentha kuti tizilombo ndi chuku zife. Mphika waukulu pakhomo pano ndi umodzi, wa thobwa. Azakhali ali kurenki. Ndikudula udzu ndi sizasi yawo, zala zatuluka matuza. Ndikuphika. Nyumba yonse ikununkha khola.

Mwini nyumba akusuzumira pazenera, akufunsa m'Chizulu ngati a Malawi tayamba kudya udzu. Ndikuti ndi za kusukulu. Akupukusa mutu. Akuti masukulu a masiku ano.

Mphika ndautsuka ndi mchenga, koma Azakhali akuununkhiza, akundiyang'ana, akuununkhizanso. "Muli ng'ombe muno?"

Udzu ndaupachika m'thumba kuseri kwa chimbudzi kuti uzizire, madzi akhe. Ukakhala wotentha umapha mbewu. Ndiye mpaka mawa.

Ndayang'ana botolo. Loyera mbee. Mawa m'mawa ndibzala.

Chimene chikundiwawa ndi chakuti udzu umenewu unali pamenepo kuyambira Lolemba. Ndimaudutsa tsiku lililonse popita kusukulu.

Loweruka

Kwatentha. Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo.

Ndisanasambe n'komwe, Azakhali akundituma shuga ku Germiston. Ndikuganiza kuti ndibzale kaye, koma iwo aima pakhomo, ndipo sindingatulutse botolo akuona. Ndikupita. Mzere wa tekisi ndi wautali. Ndikubwera dzuwa lili paliwombo.

Pansi pa shelefu palibe kanthu.

Botolo langa lili patebulo, lotsukidwa, lodzaza thobwa, pamzere ndi anzake.

Azakhali akumwetulira. "Iwe, chimera sichimera m'botolo. Mapira amafuna thumba lonyowa, akamera uwayanike padzuwa. Ako aja anachita chuku. Ndawatsuka bwinobwino, ndawayanika pamodzi ndi anga."

Ndikukwera padenga. Malata akuotcha mapazi. Pa saka pali chimera cha Azakhali cha thobwa la sabata yamawa, ndipo penapake m'menemo muli mbewu yanga, yotsukidwa, yophikika ndi dzuwa kuyambira m'mawa. Nkhunda zikudya mosathamanga. Imodzi ikundiyang'ana.

Pansi Azakhali akupitiriza. "Koma ndakondwa kuti ukufuna kuphunzira ntchito. Uzingofunsa. Pakamwa unapatsidwa."

Ndikutsika. Ndikuwauza. Zonse: aphunzitsi, utuchi, makatoni, mphika, Amayi.

Akuseka mpaka kugwira khoma. "Bowa amabzala? Bowa ndi wa Mulungu ndi chiswe!"

Kenako akuona nkhope yanga. Akusiya. Akukhala pa ndowa. "Nanga bwanji sunanene? Ndikanakupatsa ndi malo omwe."

Sabata yonse ndaganizira za paini, za penti, za tizilombo tosaoneka ndi maso. Za munthu amene ndimagona naye nyumba imodzi sindinaganize.

Akundithirira thobwa m'kapu. Akwera okha padenga, akubwera ndi mapira odzaza m'manja. "Mwina ena ndi ako." Sitingasiyanitse. Tawathira m'thumba la udzu, tamanga, taboola timabowo monga ananenera aphunzitsi.

Chikamera china chake m'menemo, adzakhala mapira.

Lamulungu

Mvula yagwa m'mamawa, yoyamba yeniyeni. Ikanagwa dzulo, Azakhali sakanayanika kanthu.

Thumba la udzu ndalilowetsa m'nyumba, kuseri kwa chitseko. Ndikuliyang'ana. Udzu basi.

Mawa aphunzitsi afunsa. Ndiwauza zoona. Aseka, kalasi yonse iseka. Ina alibe, ananena kale.

Amayi afika masana, mapazi atatupa, ambulera yothyoka nthiti. M'chikwama abweretsa bowa woyera wa m'sitolo, wotsala kwa abwana awo, wayamba kuda m'mbali. Akuuika patebulo. "Tingodya. Koma alibe fungo, alibe kukoma. Ngati ukutafuna siponji."

Azakhali akundiyang'ana. Sakundiulula. Aka n'koyamba.

Amayi akuvula nsapato, akukhala pabedi, kenako akukweza mphuno. "Chikununkha n'chiyani muno?"

Ndikuti ndi udzu wonyowa, za kusukulu, ndiutaya.

"Usiye," akutero. "Kukununkha ngati kwathu, m'mawa tikamapita ku bowa." Atseka maso. Posakhalitsa agona, osavula ngakhale duku.

Ndausiya. Za Khirisimasi sindinatchule.

Obwera lero: Azakhali, kuchokera kutchalitchi, atanyowa. A Phiri, kuchokera ku Isando, ndi makatoni ena omwe sindinapemphe. Amayi. Nkhunda, mvula itangokata. Botolo langa linapita kurenki dzulo ndi thobwa, silinabwere.