Kawaya Kamene a Fyuzi Anatsekera Makina Pakamwa

Inu, sunthani pang'ono nane ndikhale, basiyi sibwera msanga. Mwawaona abambo adutsa aja, thumba la zida kukhwapa, akuyenda uku akudzikanda ntchafu? Ndi a Fyuzi amenewo, okonza makina pachipatala chathu. Dzina lenileni ali nalo, koma ndikukayika ngati akazi awo omwe akulikumbukira. Kukandako musakuseke musanamve chiyambi chake.

Ntchito amaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Chimawapweteka ndi matama. Makina akawayesa n'kuwapeza ali bwino amamatapo sitika yobiriwira, n'kusainapo siginecha yaitali ya mchira wopindika. Akakhala owonongeka amamata yofiira, ndipo lamulo lawo n'lakuti yofiirayo samatula munthu wamba, amamatula yekhayo amene wakonza chinthucho. Nyimbo yawo inali imodzi, m'mawa ndi madzulo: "Makina oti andigonjetse ine sanapangidwe."

Tsono ku thiyeta, chipinda cha maopaleshoni chija, kuli makina otchedwa dayathemi. Tamverani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Dokotala amagwira kachipangizo konga cholembera, magetsi n'kumatulukira kunsonga kwake, ndipo ndi magetsiwo amene amacheka mnofu ndi kuwotcha timitsempha kuti magazi asatayike. Koma magetsi ndi mlendo wosagona: akalowa m'thupi ayenera kutulukanso. Khomo lawo ndi chigamba chachikulu chomata chimene amachiika pantchafu ya wodwala, chokhala ndi chingwe chobwerera kumakina. Chikamatika chonse, magetsi amatuluka mwaulemu, munthu osamva kanthu. Chikamatuka n'kutsala kangodya kokha, onse amakanikizana pamenepo, ndipo wodwala amadzuka ndi bala lamoto limene sanabwere nalo. N'chifukwa chake makinawo ali ndi alamu. Chigamba chikangoyamba kumatuka amalira n'kukana ntchito.

Zonsezi a Fyuzi ndi amene amaphunzitsa anamwino atsopano, chala chili m'mwamba. "Adani a chigamba ndi atatu," amatero. "Cheya, thukuta ndi mabala."

Lolemba lina makinawo anayamba kulira osaleka. A Fyuzi atasuzumira anaona msanga kuti chingwe cha chigamba chatha mkati, ndipo mankhwala ake ndi chingwe chatsopano basi. Anali ataitanitsa kalekale, koma iwo sanachione chikubwera. Kumbuyo kwawo kunaima a Sisitala oyang'anira thiyeta, mayi wamfupi wosaseka ndi munthu, manja ali m'chiuno.

"Lero tabweza odwala asanu," anatero a Sisitala. "Tinene kuti akugonjetsani?"

Anamwino awiri anabisa nkhope n'kuyamba kuseka chamumtima. Apo ndiye a Fyuzi magazi anawira. Anatulutsa aliyense m'chipindamo ponena kuti muli magetsi oopsa, anatola kawaya kopanira mapepala, n'kukawongola, n'kukapinda, n'kukalowetsa mkati mwa dzenje lolumikizira chingwe. Makina aja zii. Tsopano chigamba chimatike, chimatuke, chipite kumsika, makinawo ankangoti zonse zili bwino. Mumtima anadziuza kuti n'zamasiku awiri okha, ndipo a Sisitala amamata chigamba bwino nthawi zonse. Anamata sitika yobiriwira, ndipo mchira wa siginecha unatalika kuposa masiku onse.

Potuluka anakumana ndi a Dokotala, nkhope ili mwee.

"A Fyuzi, mwatiwombola. Chotupa chija cha pamsana panu mwadikira nacho miyezi ingati?"

"Isanu ndi umodzi, a Dokotala. Koma sichikupweteka, chikhoza kudikirabe."

"Ayi, munthu wotere timamuthokoza akadali moyo. Mawa woyamba ndinu. Makina mwakonza nokha, muwalawe nokha. Pitani ku wodi akakulembeni pompano."

Paja amati choipa chitsata mwini, koma cha a Fyuzi sichinatsate, chinachita kuwathamangira. Njira yapafupi inalipo, kubwerera n'kunena kuti pepani ndapanga zakutizakuti. Koma sitika inali itamatidwa, siginecha itasainidwa, anamwino aja atawaombera m'manja. Anaganiza kuti kuli bwino akazule kawayako mwakachetechete, makina alirenso, iwo n'kunena kuti yabuka nthenda ina.

Ku wodi anawavula n'kuwaveka gauni ya odwala, yotseguka kumbuyo ija. Posakhalitsa akazi awo anafika ndi kachikwama, n'kuyamba kulongedza buluku, nsapato, makiyi a ku wekishopu ndi thumba la zida.

"Thumbalo lisiyeni, mayi."

"Kuti mukadzichite nokha opaleshoni? Gonani, abambo."

Mayiwo atangopita kukatenga madzi, a Fyuzi anazemba, phazi lili pansi, dzanja limodzi litagwira gauni kumbuyo. Khonde la ku thiyeta ndi lalitali, ndipo tsiku limenelo aliyense amene anawakonzerapo ketulo anali m'khondemo. Analidutsa chammbali, msana akukhula khoma, akupereka moni ngati ali paulendo woyendera zida. Pakhomo anapeza mayi wokolopa ataima ndi mopu pamzere wofiira umene munthu sadutsa ndi zovala zakunja.

"Ndingoyang'ana kanthu kamodzi pamakina, mayi."

"Mukavala zimenezi ndinu wodwala, bambo. Odwala muno amalowa chogona."

"Simukundidziwa ine?"

"Kutsogoloku ndimakudziwani. Kumbuyoko ndiye ndakudziwani lero, gauniyo yamasuka."

Anabwerera ku wodi liwiro, ndipo ulendo uno khoma analiiwala.

M'mawa kutacha anakumbukira kuti wodwala akadya, opaleshoni imaimitsidwa. Bambo wa pabedi loyandikana anali ndi buledi pakabati. A Fyuzi anatambasula dzanja pang'onopang'ono, koma lisanafike linagwidwa pamkono ndi akazi awo, amene ankaoneka ngati akusinza pampando. Namwino atabwera anayesa bodza.

"Ndiulule, ndamwa tiyi ndi buledi magawo atatu."

"Akunama awa," anatero mayiwo. "Chilowereni muno ngakhale malovu ndimawawerengera. Ndi mantha chabe, mwanawanga, amuna anga akaona jakisoni amaiwala ndi dzina lomwe."

Apo a Fyuzi anaona kuti kuthawa kwakanika, chatsala n'kuonetsetsa kuti chigamba chimatike ngati chinabadwira pomwepo. Ndiye inu, a Fyuzi ndi munthu wa cheya. Ntchafu zawo ndi tchire loti silinapsepo chiyambire. Anabwereka lezala kwa mwini buledi uja n'kudzitsekera kubafa. Anameta ntchafu yakumanja mothamanga, n'kudzicheka. Bala ndi mdani wachitatu, choncho ntchafu imeneyo yatha ntchito. Anapita kumanzere, anadzichekanso pawiri. Anatsikira kwa akatumba, anakwera kumikono, paliponse lezala ikusiya chizindikiro. Mmene amatuluka anali atamatamata timapepala ta kuchimbudzi thupi lonse, ndipo akazi awo anangogwira pakamwa.

"Abambo, chotupa chili pamsana. Mwasosola nkhuku yonse chifukwa chiyani?"

"Ukhondo, mayi. Inu za chipatala simuzidziwa."

Anawalowetsa ku thiyeta chogona, monga ananenera mayi wa mopu, amene anawaperekeza ndi maso mpaka mkati. Anawagoneka chafufumimba. Poti chotupacho chinali chaching'ono, a Dokotala anati angowabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, osawagonetsa tulo. Ndiye a Fyuzi anali maso, chibwano pa pilo, ndipo patsogolo pa mphuno yawo panaima makina aja, kanyali kobiriwira kakuyaka, siginecha yawo ikuwayang'ana.

A Sisitala anabwera ndi chigamba n'kuyamba kuyendera thupi.

"Ntchafu iyi mabala. Iyinso mabala. Akatumba mabala. Munagwa m'minga, a Fyuzi?"

"Ndimafuna kukuchepetserani ntchito."

"Kwatsala malo amodzi okha amene lezala sinafike. Nesi, bweretsani makina ometera."

Sindikuuzani kuti ndi pati, ndinu akuluakulu. Ndingoti ndi pamene munthu amakhalira. Makina ometera analira pamenepo anamwino aja akuonerera, ndipo chigamba chinamatidwa, chozizira ngati mwala wa kumtsinje. A Fyuzi anayamba kutuluka thukuta, n'kukumbukira kuti thukuta ndi mdani wachiwiri, ndipo kukumbukirako kunawonjezera thukuta lina.

"A Sisitala, mwamata bwino?"

"Ndamata."

"Ngodya zonse zinayi?"

"Zonse."

"Ndikumva ngati yakumanzere ikunyamuka."

"Ikanyamuka makina alira. Si mwakonza nokha?"

Pamenepo mantha anawagwira enieni, osati ongoseka. Anaona m'maganizo mwawo utsi ukufuka kumbuyo kwawo, anaona miyezi itatu akudya choimirira. Anamva a Dokotala akutsina pamsana n'kufunsa ngati akumva kuwawa, anamva zitsulo zikulira m'mbale, kenako phazi la a Dokotala likukokera pafupi chopondera choyatsira makinawo.

"Tiyambe," anatero a Dokotala.

A Fyuzi anadzuka ndi mawondo ndi manja, nsalu zobiriwira zikugwera uku ndi uku.

"Imani! Makinawo salira! Ndinawatseka pakamwa ndine, muli kawaya mkatimo, chingwe n'chakutha, sitikayo ndi yabodza!"

Podzukapo chigamba chinamatuka theka. Ndipo makina aja, inu, anatsegula kukhosi: pii, pii, pii, kanyali kofiira kakuphethira. A Fyuzi anakhala choncho chogwada, gauni ili m'khosi, akuyang'ana makinawo ngati awona malemu akuyenda.

A Sisitala anapisa m'thumba mosafulumira n'kutulutsa kawaya kaja.

"Mukunena aka?"

A Fyuzi anavomera ndi mutu, a Sisitala n'kupitiriza.

"M'mawa uliwonse ndimazula chingwe kuti ndimve ngati alamu ilira. Munandiphunzitsa ndinu, chaka chimene munali ndi nzeru. Lero sinalire. Ndinaunika ndi tochi, n'kukatulutsa ndi chopanira. Nditafunsa ku sitolo anati chingwe chatsopano anakupatsani masabata atatu apitawo. Makiyi anandibwereka akazi anu. Katoni imene mumatsamiritsapo mapazi pansi pa tebulo lanu, munayamba mwaitsegulapo? Chingwe chili pamakinapa ndachitenga m'menemo."

Katoniyo ankaidziwa bwino. Inali yofewa, ya msinkhu wabwino, ndipo anali ataiyamikirapo kangapo pa nthawi ya tiyi.

"Nanga bwanji simunandiuze, a Sisitala? Ndadzimeta thupi lonse."

"Ndimafuna ndione ngati pakamwa panu pali alamu. Ilipo, koma imalira choopsa chikakhala pathupi panu." Kenako analoza kukhomo. "Panja apo pali mayi ndi mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Pamndandanda woyamba anali iyeyo, a Dokotala asanakuikeni patsogolo. Mukanakhala kuti simuli pabedipa, mukanalankhula liti?"

Manyazi a gauni aja a Fyuzi anaona kuti anali masewera, awa ndiye anali manyazi enieni. Anagona pansi okha osauzidwa, nkhope n'kuikwirira mu pilo, ndipo amene analipo amati mapewa ankagwedezeka.

A Sisitala anawapukuta thukuta, anamata chigamba china, a Dokotala anasintha magolovesi ndi nsalu, ndipo pasanathe theka la ola chotupa chinali m'mbale. Sanapse ngakhale pang'ono. Kalata yowachenjeza anailandira akadali pabedi, ndipo anaisaina ndi siginecha yaifupi yopanda mchira.

Tsiku lotuluka anavala jekete lawo n'kuyenda kuchokera ku wodi mpaka kugeti, akazi awo ali pambuyo ndi kachikwama. Aliyense amene anakumana naye ankamwetulira, ena mpaka kutembenuka kuwayang'ana, ndipo a Fyuzi mtima unayamba kukhala pansi poganiza kuti anthu awakhululukira. Atafika kunyumba n'kuvula jekete anapeza pamsana pake pali sitika yofiira, yolembedwa ndi dzanja la a Sisitala: "Osagwiritsa ntchito mpaka atakonzedwa."

"Mayi, inu mumayenda pambuyo panga njira yonse. Simunaione?"

"Ndinaiona."

"Osaimatula bwanji?"

"Lamulo ndi lanu lomwe, abambo. Yofiira amamatula ndi amene wakonza chinthucho. Ine ndayesa zaka makumi awiri, sindinathe."

Masiku ano m'mawa uliwonse amafika ku thiyeta anthu asanayambe ntchito, amazula chingwe, n'kumvetsera alamu ija maso ali chitsinzinire ngati nyimbo ya kutchalitchi. Kawaya kaja a Sisitala anakamangirira ku makiyi awo, ndipo a Fyuzi akangoyamba zoti makina owagonjetsa sanapangidwe, a Sisitalawo amangogwedeza makiyiwo. Kukandako ndi cheya chikumera, chimayabwa koopsa. Jekete lija likadali pa msomali kuseri kwa chitseko, sitika ili pompo. Akazi awo akuti akuonabe kaye.