Khoswe wafela mu motoka

Lolemba

Loweluka lino ndikukaonekela kwa makolo a Dailesi ku Nyalugwe. Ndamuuza kale kuti asandiyembekeze pa njinga ngati wogula nkhuku. Ine ndibwela pa motoka yoyela, chigongono pawindo. Akuti mudzi wonse wamva, ndi aja amanena kuti munthu wothawa sukulu giledi eyiti sangakwatile mwana wa a Lungu.

Motoka ndi ya amalume a Daka, inde, koma woyendetsa ndine. Iwo laisensi alibe, ali ndi mimba chabe, ndipo siilowa pansi pa chiwongolelo. Ndiwonso ankhoswe anga. Loweluka iwo akakamba, ine ndikangokhala phee ngati munthu waulemu.

Zofunika:
motoka
ankhoswe
jekete (lilipo, batani limodzi lasowa)
thumba la nshawa la amai ake a Dailesi. Lili kuseli kwa mpando sabata yachitatu manje. Ndinabisa, chifukwa amalume akaona nshawa saima mpaka thumba litagona pansi.

Lamulo la amalume ndi limodzi: motoka iyambe yapita ku sevisi, ku galaji ya eni ake amene anawagulitsa, ija anatsegula pamsewu waukulu pano pa Petauke. Osati kwa anyamata a pansi pa mtengo. Ali ndi pepala la galanti limene amalisunga m'Baibulo. Akuti wina aliyense akatsegula boneti, galanti yafa.

Ndafika ku galaji. Pansi pakuwala kuposa ku chipatala. Amai a patebulo lolandilila alendo akunditcha bambo, andipatsa madzi ozizila, akuti ndi maola awili chabe. Akufunsa ngati pali vuto. Ndikuti palibe, kungoti kanyali kachikasu kamayaka, ndipo pali kafungo pang'ono, koma ndapopela pefyumu.

Folomani wawo ndi a Mulenga, Mbemba, ndiye kuti mbuya wathu, msuweni wa mtundu, timatukwanana naye mwaufulu: iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya pusi. Wangomva dzina la Daka, akuti: "Wakum'mawa ali ndi motoka? Mbewa zakwela mtengo chaka chino." Ndamuyankha kuti asambe m'manja asanagwile chiwongolelo, sindifuna mafuta a pusi.

Maola awili akwana anayi. Akuti bwelani mailo.

Lachiwili

Ndafika seveni koloko, mlonda asanachotse loko. Motoka ili pamwamba pa zitsulo, matayala lende ngati mbuzi ya pa butchala.

Aiika pa kompyuta. Kompyuta ikuti pali waya wina sakukamba ndi mnzake. Ndawauza kuti zimenezo ngakhale ine ndikanadziwa popanda kompyuta, kwathu azakhali ndi apongozi awo sakambitsana chaka chachinayi ndipo nyumba ikuyenda. Sanaseke. Ndayesa kuwasonyeza pomwe ndimamenya ndi chibakela kanyali kakayaka. A Mulenga andigwila paphewa, andibweza kuseli kwa mzele wachikasu. Akuti kasitomala malile ake ndi apa.

Madzi ozizila ndamwa makapu asanu. Pa TV yawo pali motoka yomweyo ikuwoloka mtsinje, ikabwelanso, ikawolokanso. Tsiku lonse. Yathu ngakhale ngalande ya ku Msanzala imayamba yapemphela.

Dailesi waimba masana. Kwawo netiweki imapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha, kuseli kwa khola la atate ake, ndipo mphepo ikawomba mawu amaduka pakati. Akuti amai ake ayamba kufulula munkhoyo, agula ndi chitenje chatsopano. Akufunsa ngati motoka ili bwino. Ndikuti ili ku sevisi, ikusambitsidwa ndi kompyuta. Wakhala chete. Ndikudziwa kuti wanyadila.

Bwelani mailo.

Lachitatu

Lelo andilola kuwoloka mzele wachikasu. Andiitana okha. Nthawi yomweyo ndadziwa kuti zavuta.

Pa tebulo la zitsulo ayala:
sefa ya mphepo, yodzaza makoko a nshawa
mawaya asanu, odukaduka, ena opanda khungu
thonje la mumpando, lopota ngati chisa
thumba langa. Latsala theka, pansi pali chiboo.

A Mulenga aitana amakanika onse, ngati pali msonkhano. Akuti: "Bwelani muone. Ndiwo za kasitomala zadya motoka ya kasitomala."

Ndakana pomwepo. Mbewa sikwela motoka. Mbewa ndi nyama ya kumunda, yaukhondo, imadya zake m'una mwake, timaikumba ndi khasu mwaulemu. Chimene chimalowa m'nyumba ndi kudya mawaya ndi khoswe, ndipo khoswe sitidya. Munthu wodya pusi sangasiyanitse, kwa iye chilichonse cha mchila ndi chakudya. Takangana mpaka amai a patebulo abwela kutiuza kuti pali makasitomala ena. A Mulenga akuti mpaka mwini wake wa manowo apezeke, pa khadi la ntchito alemba kuti mbewa.

Amai a patebulo sakunditchanso bambo. Atsegula buku la galanti, akuwelenga ndi chala. Galanti imateteza injini, giyabokosi, utoto. Mano a nyama ayi. Mawayawo sagulitsa limodzilimodzi, amabwela onse pamodzi ngati mtolo wa nkhuni, kuchokela ku Lusaka. Afika Lachisanu pa basi. Kumanga ndi maola awili chabe.

Maola awili aja ndikuwadziwa.

Amalume ndawauza za mawaya. Za nshawa sindinafike, anali akudya. Angofunsa ngati pepala la m'Baibulo ligwila ntchito. Ndikuti likukambidwa.

Lachinayi

Ndawina!

Amasula kutsogolo konse kumene kuli mawotchi, ndipo mwini wake wapezeka mkati mwa fani ya mphepo. Khoswe. Wamkulu ngati phazi langa, mchila wautali wopanda ubweya, mimba tuu ndi nshawa za apongozi. Analowa ali woonda, potuluka anakanika. Kafungo kaja kanali iyeyo. Pefyumu yanga yonse inathela pa malilo a khoswe.

Ndawauza a Mulenga afufute pa khadi. Afufuta, alemba kuti mbewa yaikulu. Ndawasiya, Mbemba sukulu yake ndi ya m'mitengo. Amuika m'pepala la pulasitiki, akuti andisungila mufiliji ngati ndifuna kukaonekela naye kwa apongozi.

Nkhani yabwino siigona. Ndamuimbila Dailesi pomwepo, mwamwayi ali pachulu, koma mphepo ndiye yakwiya. Ndikukuwa kuti khoswe wafela mu motoka. Iye akuti ndani? Ndikuti khoswe, wonenepa uja, wadya nshawa za amai ako mpaka wapanikizika, wakanika kutuluka. Akufunsa kuti liti. Ndikuti sitidziwa bwino, tamupeza lelo, wayamba kale kununkha, manje ali mufiliji.

Wakuwa kuti mayo ine. Foni yaduka.

Akazi ndi makoswe, sindidziwa kuti zinayamba bwanji. Ndayesanso kawili, siikulowa. Za motoka ndimuuza mailo mawaya akafika.

Amalume amva za nshawa. Osati kwa ine. Anapita okha ku galaji ndi pepala lawo la m'Baibulo, amai a patebulo awaonetsa thumba. Chawapweteka kwambili si mawaya ayi. Akuti sabata zitatu akhala pampando umenewo, nshawa zili kumsana kwawo, ine osanena.

Lachisanu

Basi ya ku Lusaka yafika. Katoni yafika. A Mulenga atsegula, ayang'ana, atseka.

Mawaya ndi a motoka ina. Dzina ndi lomwelo, mtundu womwewo, koma yathu ndi ya chaka china, pulagi yake ili ndi mano khumi, iyi ili ndi khumi ndi awili. Ndikuti dulani awiliwo, khoswe anadula asanu popanda sukulu. Akuti galanti. Ndikuti galanti yomwe ija siigwila ntchito? Akuti inde, koma ikhoza kufa.

Ndapempha motoka yongobweleka tsiku limodzi, pabwalo pawo pali zitatu zatsopano zangoima. Amai a patebulo aseka mpaka agwila tebulo. Madzi ozizila lelo sanandipatse.

Yathu ili pakona, kutsogolo kulibe, mawaya panja ngati matumbo. Akuti Lachitatu likubwelali. Mwina.

Dailesi foni yake siikulowa, koma madzulo kwafika uthenga: "Pepa wokondedwa. Limba mtima. Atate akuti tonse tili nawe, zina zonse zidikile."

Mwaona mkazi? Sindinamuuze n'komwe kuti mawaya alakwika, koma mtima wake wamva. Atate akenso, munthu ndimamuopa, kumvela chisoni motoka ya eni. Ndayankha kuti zikomo, zachitika zachitika, anali wakuba chabe, mailo tionana.

Amalume avomela kupita pa minibasi. Akuti mawu anapeleka kale kwa a Lungu ndipo iwo si mwana. Sakundiyang'ana. Nshawa zotsala atenga, akuti ndi umboni.

Batani ndasoka.

Loweluka

Tanyamuka mamawa. Amalume mu suti yakuda, atenga malo a anthu awili, kondakitala akudandaula mpaka ku Nyimba. Pa Nyimba takwela njinga zamoto ziwili. Ya amalume ikulila njila yonse. Chigongono changa chili pamsana pa munthu.

Tafika kwa a Lungu fumbi mpaka m'makutu. Palibe woima pamsewu. Pakhomo zii. Chitseko chotseka, moto wozima, mgolo wa munkhoyo wovundikila. Nkhuku zokha.

Kwatuluka amai ena a nyumba yoyandikana, atigwadila, akufunsa ngati ndife a boma. Ndikuti ndine mkamwini. Agwila pakamwa. Akuti pepani mwanawe, simunakumane nawo panjila? Onse akwela lole mbandakucha, apita ku Petauke ku malilo. Ankhoswe anu aja anafela mu motoka.

Amalume akuti bwanji?

Amaiwo akufotokoza bwinobwino, nkhani akuidziwa. Akuti anali bambo wonenepa, wokonda nshawa, anadya za apongozi mpaka anapanikizika pampando, anamupeza atanunkha. Akuti mudzi wonse ukudabwa kuti mkamwini analemba kuti malemuyo anali wakuba chabe.

Amalume akhala pansi pa mtondo wosinjila. Avula chipewa. Akuti: "Amai, malemuyo ndine."

Amaiwo sanatsanzike.

Ine m'mutu mwayamba kuwelenga. Khoswe. Nkhoswe. Kachilembo kamodzi, mphepo yapachulu. Aphunzitsi a giledi eyiti ananena kuti tsiku lina ndidzawakumbuka.

Kenako amalume akumbuka chinthu china. Anthu aja akafika kunyumba akulila, apeza azakhali, akazi a amalume, ali okha, amene atiwona tikukwela minibasi mamawa. Akamva kuti afela mu motoka, safunsa kuti iti.

Ndiye amalume a Daka, zaka zawo zonsezo, mu suti, akwela chulu cha a Lungu chokwawa, ine ndikukankha kumbuyo. Pamwamba aima, foni kumwamba. Yalowa. Kulila kukumveka mpaka pansi pomwe ndili, ndi nyimbo ya malilo, mawu anayi, yokoma ndithu. Amalume akukuwa kuti ndine, ndili moyo, ndili pamwamba pa chulu. Mphepo yadulanso. Azakhali amva kuti ali kumwamba.

Amalume aimba foni kanayi.

Tauyamba ulendo wobwelela. Pa Nyimba amalume agula nthochi, adya okha.

Sondo

Alendo agona konkuno, lole yawo ibwela masana. Ali khumi ndi anayi. Anabwela ndi nkhuku ziwili, ufa, nkhuni. Nkhuku zaphikidwa, sizingabwelele. Amalume adya chiwindi ndi nthutumba za pamalilo awo, akuti sanadziwe kuti ku Nyalugwe amawakonda chonchi. Azakhali mawu anatha ndi kulila, akungondiloza ndi chala.

Dailesi ndamuona pa mpopi, maso otupa. Akuti analila masiku awili chifukwa cha munthu amene sanamuonepo. Ndikuti manje wamuona, si wonenepa monga ndinanenela? Sanaseke. Pambuyo pake waseka pang'ono, chakumbali.

Akulu akhala pansi pa mtengo wa mango titachoka ku chalichi. Ine pansi, pa dothi, jekete lili pathupi. Agamula motele:
Kuonekela kulipo, koma mwezi wa mailo. A Lungu akuti munkhoyo wawo wasasa ndipo mudzi uyambe waiwala.
Ndidzabwele pa njinga. Akuti motoka aimva mokwanila.
Nkhani iliyonse yopita ku Nyalugwe ndizilemba papepala, wina awelenge ndisanatumize.
Makiyi amalume atenga. Akuti motoka ikatuluka adzapeza dalaivala wosabisa chakudya.
Unkhoswe sanausiye. Akuti munthu amene walilidwa kale saopanso kanthu.

Tili pomwepo, kwaima motoka ya ku galaji. A Mulenga, malaya a Sondo, pepala la pulasitiki m'manja. Agwada pamaso pa a Lungu mwaulemu wonse. Akuti amva kuti kuno kuli malilo opanda mtembo, ndiye monga mbuya sangalole banja lichite manyazi, abweletsa. Akuti mawaya ndi Lachisanu, osati Lachitatu.

A Lungu atsegula pepala, ayang'ana nthawi yaitali, anyamula ndi mchila. Akuti uyu ndi khoswe, mbewa siikhala chonchi.

Apongozi anga ameneo. Sabata yonse ndi munthu woyamba kundivomeleza.

Kenako andipatsa khasu. Ndakumba kuseli kwa chimbudzi, ndaika, ndakwilila. Palibe waimba.

Njinga ili m'khonde, tayala lakumbuyo laphwa. Pampu ili mu motoka.