Chiwanda Chovala Chipewa cha Apongozi

Lolemba

Fodya ali m'chigafa akuuma, ntchito yachepa, ndiye lero ndikuyamba buku langa la nthano ya zithunzi. Ngwazi yake ndi Jeke: amauluka, amagwira ziwanda n'kuzidinda m'mabelo ngati fodya. Mdani wake ndi Namkawa, mfiti yotuma ziwanda kukakawa fodya wa anthu, wa eni ake azifota, wake azinenepa.

Zomwe ndili nazo:
- kope la masamu
- bolopeni yofiira, ya magazi ndi maso a ziwanda
- luso, lomwe pamudzi pano palibe akuliona

Kuno ndine mkamwini chabe, wodziwika ndi kusoka fodya mokhota. Pofika Lamulungu andidziwa.

Lachiwiri

Jeke watuluka bwino, chifuwa ngati chitseko. Namkawa akundikanika. Nkhope ya munthu woipa siibwera m'mutu mwanga pokhapokha nditaiona. Mwamwayi apongozi aamuna, a Phiri, akusinza pakhonde pawo masana onse, ndipo munthu wosasuntha savuta kujambula. Ndangobwerekako pang'ono: mphuno, chipewa cha mlaza, ndi dzino lotsogola lija. Ndawonjezera mchira kuti asadziwike.

Lachitatu

A Yusufu a pagolosale ya pa Simlemba alola kuti ndikhome masamba anayi pachitseko chawo. Anthu adzaza! Koma Jeke palibe akumuyang'ana.

"Awa si a Phiri, mkulu wa mpingo uja?" akutero mayi wina. Ndikuti ayi mayi, taonani mchira. "Ndiye amaubisa m'buluku eti."

Ndinaiwala chinthu chimodzi: chaka chino fodya wa apongozi wakula kuposa wa aliyense kuno. Matsenga ake ndimawadziwa ine. Ndi manyowa a ng'ombe, ndipo wotuta ndinali ine, ngolo ndi ngolo.

Lachinayi

M'mawa ndapeza anthu atatu pakhomo, wina atakhwapatira nkhuku. Akufuna ndiwajambulire amene akuwakawira chimanga. Ndikuwauza kuti zonsezi n'zopeka. "Alosi enieni amayamba n'kukana chonchi," akutero wa nkhukuyo, akugwedezera mutu anzake.

Mkazi wanga sakundiyankhula. Madzi osamba ndakadzitungira ndekha kumjigo, azimayi onse akundipatsa mpata mwaulemu wokayikitsa.

Lachisanu

Apongozi apita okha kukaona. Sanakalipe, ndipo choopsa n'chimenecho. Angotuma mwana wawo ndi mawu: "Kawafunse amuna akowo ngati njira ya kwawo ku Lukwa akuikumbukira."

Ndikuikumbukira. Kwathuko ndilibe munda, ndilibe chigafa, ndipo mkazi wanga wanenetsa kuti iye pamudzi pa amake sachoka. Ndisaname. Mkaziyu ndimamukonda.

Jeke amadinda ziwanda makumi awiri patsamba limodzi. Womujambula akuzungulira kuseri kwa khola popita kuchimbudzi, kuopa kudutsa pakhonde pa apongozi.

Loweruka

Ankhoswe akhala pansi pa mtengo wa mango. Chigamulo:
- ndipepese nditagwada
- nkhuku ya anthu ija ndibweze (ndinangoisunga, sindinadye)
- ndijambulenso zonse
- Jeke atenge nkhope ya apongozi, ndi chipewa chomwe, koma dzino lisaoneke
- Namkawa atenge nkhope ya munthu amene sangadandaule

Ndafunsa kuti munthu ameneyo ndimupeza kuti. Mkazi wanga walowa m'nyumba, watuluka ndi galasi lodziyang'anira.

Ndajambula. Chondiwawa n'chakuti m'moyo wanga wonse sindinajambulepo chithunzi chofanana chonchi. Makutu angawa atuluka ndendende.

Lamulungu

Masamba atsopano ali pachitseko cha a Yusufu, akale aja akukulungiramo mchere. Apongozi aima pamenepo chitulukireni m'tchalitchi, akufotokozera anthu momwe iwo amadindira ziwanda. Akudandaula kuti chifuwa ndawachepetsera.

Ukwati wapulumuka. Madzi osamba abwerera, ofunda. Koma m'tchalitchi benchi yonse ndinakhalapo ndekha, ndipo potuluka ndamva mayi wa mchira uja akuuza mnzake: "Wadziulula yekha. Paja manyowa a a Phiri amatuta ndi iyeyu, mukudziwa chomwe amathiramo?"

Ndinati pofika Lamulungu andidziwa. Andidziwadi.