Titumizireni Nyama Yosafanana ndi Munthu

Kwa Olemekezeka Bwana Wamkulu wa Silabasi,

Bwana, kodi anayamba ndani zoti ndale zisamalowe m'kalasi? Ndafunsa aphunzitsi anzanga onse, koma amangondiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene madzi amanyowetsera. Mundikhululukire, ndine wa dzanadzanali, digiri yanga ikadali mu envelopu. Munandipatsa phunziro la za boma ku Fomu 4, kenako n'kundiletsa ndale. Ndiye kuti ndiphunzitse ana kusambira pabwalo la mpira. Koma ndine yani ine kuti nditsutse? Ndabwera ndi mathokozo okhaokha, ndipo ndawaika manambala kuti musatope.

1. Zikomo chifukwa cha buku. Tsamba lonena za ntchito za khansala ndi lokoma zedi: akuti amakonza misewu ndi ngalande. Tsiku limene tinkaliwerenga, madzi a m'ngalande ya pageti pathu anali atalowa m'kalasi mpaka mu akakolo. Mtsikana wina amene anzake amamutcha Loya anakweza dzanja, nsapato zili padesiki. "Aphunzitsi, khansala wa m'bukuyu amakhala dziko liti? Tisamukireko." Ndisanayankhe, a hedi anatsokomola pakhomo.

2. Zikomo chifukwa cha a hedi amene munawasula bwino chonchi. Mu ofesi anandilangiza mwachikondi. "Mwana wanga, iwe ntchito sunakhazikike, ukadali poyesedwa, ndipo lipoti lako ndilemba ndine. Ukufuna ana azitsutsana? Apatse mutu wopanda minga. Galu ndi mphaka, chabwino n'chiti pakhomo? Basi." Ndinavomera, poti amayi anga anauza kale msewu wonse kuti mwana wawo tsopano ndi wa m'boma.

3. Zikomo chifukwa cha mtsutsowo. Loya anaimira mphaka. "Galu amauwa mokoma akafuna fupa," anatero. "Akalilandira, zii, mudzamuonanso njala ikamubwerera. Ngalande ikasefukira iye ali phee pakhonde louma." Kumbuyo kunadzuka mnyamata wamtali wotchedwa Mlongoti. "Nanga mphaka wakoyo, iwe? Kungokhala pamthunzi kusisita ndevu, n'kumati akanakhala iyeyo makoswe akanatha kalekale. Khoswe amene anagwirapo unamuona?" Kalasi yonse inafa nalo phwete. Dzina la munthu silinatchulidwe, Bwana. Ndinatchera makutu onse awiri.

4. Zikomo koposa chifukwa cha alendo. M'mawa mwake a khansala anafika, buluku atapinda mpaka m'maondo chifukwa cha madzi a pageti aja. "Galu ameneyo ndine!" anakalipa. "Mwana wanga wandiuza zonse." A hedi anayesa kuwatsimikizira kuti anali galu wamba, wa miyendo inayi. Iwo anakanitsitsa, amvekere amadzidziwa okha. Asanatuluke, kunalowa bambo a sitolo ya zitsulo, amene anagwa pachisankho chapitachi ndipo akudikira chikubwerachi. Iwowa anadzadandaula za mphaka, makamaka nkhani ya ndevu. Awiriwo anayamba kulimbirana kuti wanyozedwa kwambiri ndani, mpaka anafika pa ngalande: anailonjeza ndani, anaitseka podikira mwambo wotsegulira ndani, fosholo zinapita kuti. Ana anadzaza mawindo, ena akulemba manotsi. Ndi phunziro labwino koposa la chaka chino, ndipo sindinaliphunzitse ine.

Alendo atapita, a hedi anandiuza kuti likangobwera dandaulo lina limodzi, ndibwerera kukakhala ndi amayi. Anandipatsa mutu wina, mbuzi ndi nkhosa. Ndisanamalize kulemba "mbuzi" pabolodi, Mlongoti anafunsa ngati ndikunena ya mu komiti ya makolo kapena ya ku ofesi ya zaumoyo.

Anawa chaka chamawa akavota, Bwana. Amaona zonse, amadziwa amene akudya ndi amene akungonyambita milomo. Chimene sadziwa ndi kufunsa munthu wamkulu funso pamaso, mwaulemu, ali ndi umboni, n'kumvetsera yankho mpaka kumapeto osamuwowoza. Ine ndimayesa ndi zimene munandilembera ntchito. Lamulo lanu langowaphunzitsa kujeda mwaluso.

Choncho ndikugwada ndi pempho limodzi. Titumizireni mndandanda wa nyama zovomerezeka, wodindidwa bwino, nyama zimene sizifanana ndi munthu aliyense wa udindo. Kufufuzako musapite nako kutali. Yambirani m'maofesi mwanu momwemo, poti tikumva kuti muli zolengedwa zofatsa zimene siziona, sizimva, ndipo sizinakhudzepo moyo wa mwana aliyense.

Ine wanu wogonjera, ngakhale wopupuluma pang'ono,
Mphunzitsi wa za boma wosatchula boma.

Ndisanaiwale, Bwana. Podziwa kuti mayankho anu amayenda modekha, ndapita kwa a khansala ndi ku sitolo ya zitsulo, ndawaitana onse awiri kuti Lachisanu adzaime kutsogolo kwa kalasi, ana adzawafunse za ngalande ngati anthu, osati ngati ziweto. Onse avomera msangamsanga, aliyense poopa kuti mnzake angadzalankhule yekha. Kenako ndagogoda kwa a hedi, ndawauza zonse, ndipo ndawasiyira cholembera changa chatsopano kuti lipotilo alilembe mooneka bwino.