Mowa wa Dokotala m'Galimoto ya Apongozi

"Chinsinsi chonse chili m'timibuluti."

"Tokhala ngati chakudya cha nkhukuti?"

"Nkhuku ndiwe. Iyi ndi hopu, mphwanga, yonunkhiritsa mowa."

Wolankhulayo anali Pulofesa, amene analowako ku yunivesite kamodzi, kukatsitsa makatoni. Anali pabala ndi anzake awiri, Mapazi ndi Giya, ndipo pakati pa mabotolo panali kambulu kobiriwira komwe anatola kuseri kwa galaja ya dokotala wa mano. Dokotalayo ankafulula mowa wakewake m'galajamo, wonunkhira ngati zipatso, womwe aliyense woulawa ankaukamba sabata yonse.

"Ndinamusuzumira pawindo," anatero Pulofesa. "Mowa ukatsala pang'ono kupsa, amatsegula chigubu n'kuwazamo timibulu touma, osawiritsa, koma tochepa. Kuumira basi. Ife titenga chigubucho ndi paketi yonse ya timibuluti, tithire ngati anthu, Loweruka tigulitse."

Ntchito ya Giya inali kupeza galimoto. Iye ndi mkazi wake ankakhala kwa apongozi ake, mayi amene ankakonda galimoto yawo ya mipando yoyera kuposa ana obereka okha.

"Ndikufuna ndithamangire ndi mnzanga kuchipatala, mayi. Wadwalika."

Mayiwo anamupatsa kiyi osaisiya msanga. "Ibwere momwe yapitiramu. Apo ayi, mukafune kwina kogona."

Kuba kwenikweniko kunayenda mochititsa manyazi. Dokotala anali kuntchito, galaja inali yosakhoma, moti Mapazi, amene anabwera ndi chitsulo chothyolera loko, anakhumudwa. Chigubu anachikhazika kumpando wakumbuyo n'kuchimanga lamba ngati mlendo wolemekezeka.

Msewu unali wa maenje. Pachivundikiro panali kabotolo ka madzi kotulutsira mpweya, ndipo pa dzenje lililonse kankalira phwi, phwi.

"Katiulula aka," anatero Mapazi. Anakazula n'kumata bowolo ndi chingamu.

"Usakhudze mipando," anatero Giya.

"Iwe yendetsa, zasayansi utisiyire," anayankha Pulofesa. "Bwanji mowawu uzipsa tili m'njira?" Anatsegula chigubu, nakhuthuliramo paketi yonse, natseka msangamsanga. "Mapazi, khala pachivundikiropo."

Chimene pawindo sichinaoneke n'chakuti dokotala sankawaza pang'onopang'ono chifukwa choumira. Mowa wotere umasunga mpweya wambiri, ndipo kambulu kalikonse kakamasungunuka kamaudzutsa mpweyawo. Uwu unali utakhutchumuka kale msewu wonse.

Kutsogolo kunali wapolisi wapamsewu. Anayang'ana galimoto yoyera bwinoyo n'kuikodola kuti idutse. Giya anapuma, nayamba kuganiza za bedi lake. Kenako anayang'ana pagalasi n'kuona Mapazi akutalika.

"Akulu," anatero Mapazi motsitsa mawu, "chikundinyamula."

Chivundikiro chinaphulika. Mutu wa Mapazi unagunda denga, thovu lobiriwira linadzaza galimoto mpaka m'matumba a malaya. Giya, posaonanso njira, anayatsa mawaipa, omwe anapukuta kunja mokhulupirika pomwe thovu linali mkati. Anaima, natsegula chitseko, mowa n'kutsikira pansapato za wapolisi.

Wapolisiyo ananunkhiza kawiri. "Uwutu ndi wa adokotala a mano. Ndinaulawa paukwati wa mwana wawo."

"Ndi mankhwala ochapira mipando, bwana," anatero Pulofesa, akulavula hopu.

"Ndiye tiyeni, mukatichapirenso yathu."

Apongozi anafika kupolisi atavala zovala zakutchalitchi, ngakhale linali Lachiwiri. Anazungulira galimoto yawo mwakachetechete. Anatsegula chitseko, nakhudza mpando ndi chala chimodzi, nayang'ana phala lobiriwira lomwe linamatirira pachalapo. Giya anapemphera kuti angomukalipira.

Sanakalipe. Analowa mkati, naima patsogolo pa benchi pomwe panakhala amuna atatu obiriwira kuyambira tsitsi mpaka nsapato, nawayang'ana mmodzimmodzi.

"Akamwini," anatero, "wodwala uja ndi uti?"